Momwe mungajambulire nkhope zooneka bwino ndi kamera yaing'ono kuwala kukavuta

Pa ukwati wina ku Area 25 ndinapeza mtsikana akudandaula kuti anamugulitsa kamera yabodza. Anajambula mkwatibwi pakhomo la tenti, kumbuyo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Diresi inatuluka yoyera bwinobwino, koma nkhope inali bii, osazindikirika. Kamerayo inalibe vuto, kungoti anaisiya pa Auto.

Choyamba ndi chimenecho: chotsani pa Auto muike pa P, kutanthauza Program. Mukatero kamera imagwirabe ntchito zambiri yokha, koma imakulolani kuiwongolera.

Kenako funani batani lokhala ndi chizindikiro cha +/-, lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi. Kwa ine ili ndiye batani lofunika kuposa onse. Kamera ikaona zoyera zambiri, monga diresi, malaya a kwaya kapena kuwala kwa pawindo la tchalitchi, imaganiza kuti kwawala kwambiri ndipo imachepetsa kuwala pachithunzi chonse. Amene amavutika ndi ife akhungu lakuda, chifukwa nkhope imamira mumdima. Kwezani kufika pa +0.7 kapena +1, jambulani, muone pa sikirini. Diresi ikayera mopitirira pang'ono musadandaule. Achibale akafuna kuona nkhope ya mwana wawo, osati ulusi wa nsalu. Ngati kamera yanu ili ndi Spot metering, yomwe imayeza kuwala pa kadontho kamodzi kokha, lozetsani kadontho kapakati pankhope, dinani batani lojambulira mwatheka, kenako mumalize kudina. Mukachoka pamalopo kumbukirani kubwezera +/- uja pa 0.

Masana dzuwa likakhala paliwombo, maso amalowa m'mithunzi. Apa yatsani fulashi dala ngakhale kunja kukuwala, kapena musunthire anthuwo pansi pa mtengo wamango ayang'ane kumene kuli poyera.

Muholo ndiye muli ntchito. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kukhala kumbuyo n'kumakoka chithunzi ndi zoom. Pa makamera ang'onoang'ono, mukakoka, kabowo kolowetsa kuwala kamachepa, ndipo nambala ya f/ yosonyeza kukula kwake imakwera. Sony RX100 yoyamba ya 2012 imayambira pa f/1.8, koma mukakoka mpaka kumapeto imafika pa f/4.9, kutanthauza kuti kuwala kolowa kwachepa pafupifupi kasanu ndi kawiri. Choncho dzukani, yendani, mufike pafupi. Fulashi nayo siponya patali, pa makamera ambiri otere imathera pa mamita atatu kapena anayi. Kuiyatsa muli pamwamba ku Bingu National Stadium ndi kungotha batire, iwalitsa mitu ya amene akhala kutsogolo kwanu basi.

Tsopano ISO, nambala imene mukaikweza kamera imatha kujambula pakuwala kochepa. Panja masana isiyeni pa 100. Muholo yambani ndi 400, kukadabe pitani pa 800. Makamera ambiri am'thumba ali ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaing'ono ya 1/2.3 inchi, ndipo mukapyola pa 800 chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga. A sensa ya inchi imodzi, monga RX100 ija kapena Canon G7 X, amapirira pa 1600. Komabe nthawi ya perekaniperekani, anthu akuvina ndi kuponya ndalama, ine ndimalolera timadontho kusiyana ndi chithunzi cha mbuu. Yang'anani pa sikirini nambala ya shutter, yosonyeza gawo la sekondi limene kamera imatsekula kuti kuwala kulowe: 1/60 ikwanira munthu woima, koma wovina amafuna 1/250. Image stabilization imathandiza kuchepetsa kunjenjemera kwa manja anu okha, siimitsa anthu amene akuyenda.

Nkhope zikamatuluka zachikasu kapena zobiriwira chifukwa cha mababu, lowani pa White Balance musankhe mtundu wa babu umene uli m'chipindamo.

Magetsi akazima, musafulumire kuloza tochi ya foni kumaso kwa munthu. Iwalitseni pakhoma loyera kuti kuwala kubwerere kofewa. Ikani kamera patebulo kapena pampando, tcherani timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisaigwedeze, ndipo muwauze anthu asasunthe.

Chinanso ndi fumbi la m'chilimwe, limene a ku Chinsapo ndi Mtandire akulidziwa bwino. Usiku fulashi imawalitsa fumbi limene lili pafupi ndi lenzi, ndipo pachithunzi pamatuluka timadontho toyera tozungulira. Galimoto ikangodutsa dikirani fumbi likhazikike, kapena zimitsani fulashi muwaimike anthuwo pansi pa babu la pakhonde. Lenziyo ipemerereni kaye kuti mchenga uchoke musanaipukute ndi kansalu kofewa, chifukwa kupukuta ndi nsonga ya malaya kumaikanda.