Mmene mungayambire parkrun kuno ku Joni, olo musanathamangepo chibadwire

Abale anga amene muli kuno ku Joni, pali chinthu china chaulere chimene chimachitika Loweruka lililonse m'mapaki ambiri ndipo ife Amalawi timangochidutsa tili mu taxi, kumaona chigulu cha anthu chikuthamanga n'kumati ndi za mabwana izo. Si za mabwana ayi. Amachitcha parkrun, ndi mtunda wa makilomita 5, ofuna kuthamanga amathamanga, ofuna kuyenda amayenda, simulipira olo randi imodzi. Ine ndinayamba chifukwa cha BP, anesi ku kiliniki anandiuza mosabisa kuti mankhwala okha sakwanira, ndiziyendako, ndiye ndinkadzifunsa kuti ndiyenda kuti munthu ndimaweruka kutada ndipo misewu yakuno usiku mukuidziwa nokha. Mnzanga wa kutchalitchi ndi amene ananditengera ku Delta Park kufupi ndi Randburg, mpaka lero sindinasiye.

Choyamba kulembetsa. Izi mumapanga kamodzi kokha moyo wanu wonse. Lowani pa intaneti, sakani parkrun South Africa, pitani polembetsa. Akufunsani dzina, tsiku lobadwa, imelo, paki imene muli nayo pafupi, ndi nambala ya munthu woti amuimbire mutadwala pa njira. Ndikudziwa chimene ambiri mukuganiza pano, ndiye ndinene poyera, ine sanandifunse pasipoti kapena pepala lililonse, ndipo pa paki pomwepo palibe amene anandifunsapo kuti ndine wakuti. Chokhacho mudziwe n'choti dzina limene mwalembalo limaoneka pa zotsatira zimene amaika pa intaneti. Mukamaliza akutumizirani barcode yanu, ili ndi nambala yoyamba ndi chilembo A. Iyiyi ndiye chiphaso chanu, imagwira pa parkrun ina iliyonse, kaya mwasamukira ku Durban muzipita ya ku North Beach, kaya ku Cape Town ya ku Green Point, olo mutakwera ndege kupita ku UK ndi yomweyo. Musalembetsenso kachiwiri mukasintha foni, mungoluza mawerengero a maulendo anu onse.

Barcode ija ipangeni screenshot isungike mu foni kuti musadalire bundle m'mawa umenewo, ndipo ngati mungathe kaiprintitseni pa internet cafe, muikulunge mu kapulasitiki chifukwa pepala likanyowa ndi thukuta limakana kuwerengeka. Ine sabata yachitatu foni inathima ndili pa mzere, pepala ndinalibe, ndiye tsiku limenelo dzina langa silinatuluke. Zinandiwawa chifukwa ndi tsiku limene ndinakwera chitunda chonse osaima.

Zovala musavutike nazo mtima. Nsapato zofewa zilizonse zimene sizikupanani zala, olo za pa kaunjika, kabudula kapena thalauzi yomasuka, sikipa, basi. Azimayi ena amabwera atavala siketi pamwamba pa ma tights ndipo palibe amene amawayang'ana kawiri. Chimene ndingakuletseni ndi nsapato yatsopano yoti simunaivalepo, imeneyo matuza ake mudzalephera nawo kupita ku ntchito Lolemba. Mu June ndi July kuno kumazizira zoopsa, udzu umachita kuyera mbuu ndi chisanu, valani juzi yoti mukatenthedwa muimange m'chiuno. Nyengo yotentha chipewa ndi kabotolo ka madzi, chifukwa pa njira sagawa madzi ngati pa mipikisano ija. Musadye nsima ya mkute m'mawa umenewo, tiyi ndi nthochi imodzi zakwana, zinazo mukadya pobwera.

Malo ambiri kuno amayamba 8 koloko m'mawa, ena 7, ndiye onani kaye pa tsamba la paki yanuyo, pomweponso amalemba ngati sabata imeneyo aimitsa. Ndipo 8 koloko yake ndi 8 koloko yeniyeni abale, osati nthawi yathu ija ya ku chinkhoswe. Tsiku loyamba fikani mphindi 20 isanakwane, funsani aliyense wovala kavesiti kowala kuti ndine mlendo, akulozerani pamene obwera koyamba amasonkhana, amakufotokozerani njira, pokhota, poterera, zonse. Kenako wotsogolera tsikulo amalankhula pang'ono, amawombera m'manja alendo ndi amene akwanitsa maulendo ambiri, n'kuyamba. Simupereka dzina kwa aliyense poyambira, mumangoima m'gulumo.

Apa ndiye ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa n'zimene zimabweza anthu ambiri. Imani kumbuyo. Kutsogolo kuli anyamata ndi atsikana oti makilomita 5 amawamaliza mphindi 20 zisanakwane, mukaima nawo mtima ukuuzani kuti muwatsatire ndipo musanafike patali mukhala muli wefuwefu, m'nthiti mukubaya. Komanso Joburg ili pamwamba kwambiri, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye amene mwangofika kumene kuchokera ku Nkhotakota, Mangochi kapena ku Nsanje mudzamva mpweya ukuchepa msanga, si matenda, thupi limazolowera. Yambani ndi kuyenda ndithu, kuyenda kwa ndawala ngati mukuthamangira kuchigayo kusanade. Mukaona kuti mukutha kulankhula ndi mnzanu uku mukuyenda ndiye kuti muli bwino, mukayamba kudula mawu chepetsani. Masabata awiri atatu kenako muziti kuthamanga pang'ono mpaka pa mtengo uwo, kuyenda mpaka pa benchi iyo, choncho choncho. Ine ulendo woyamba ndinatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo sindinali ndekha, tinalipo ambiri, agogo ena achizungu ndi ndodo zawo, mayi wina akukankha mwana pa pram.

Ndipo simungakhale womaliza. Izi si zongokulimbikitsani, anakonza dala, pamakhala munthu wodzipereka amene amamutcha tail walker, ntchito yake ndi kuyenda kumbuyo kwa aliyense mpaka wotsiriza alowe, ndiye nambala yomaliza imakhala yake. Kwa ine ichi ndi chimene chinandigwira mtima, kuti anthu anakhala pansi n'kuganizira munthu wamanyazi amene akuopa kusekedwa. Koma ngati muli ndi vuto la mtima, shuga, kapena BP yokwera kwambiri, yambani mwafunsa ku chipatala, ndipo mukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa imani, uzani marshal, wolozera njira wovala kavesiti kowala, amene ali pafupi, osalimbira.

Pomaliza pali kanjira kopapatiza ka zingwe. Mukadutsa mzere amadina nthawi yanu, musapitirire amene ali kutsogolo kwanu mukanjirako, khalani mmene mwaloweramo, akupatsani kapulasitiki kakang'ono kolembedwa nambala. Tengani kameneko ndi barcode yanu mupite kwa amene akusikana ndi foni, ayamba barcode yanu kenako kapulasitiki kaja, ndipo kapulasitikiko kamatsala komweko. Chonde musapite nako kunyumba, si mendulo, sabata yamawa akagwiritsanso ntchito ndipo kakasowa kamodzi anthu odzipereka aja amavutika. Masana ake imelo imalowa yokuuzani nthawi yanu ndi nambala imene munamalizira. Mudzaona ena avala masikipa olembedwa 50 ofiira, 100 akuda, 250 obiriwira, amenewo ndi maulendo amene akwanitsa, ndipo woyenda amawerengedwa chimodzimodzi ndi wothamanga.

Ana tengani, koma wosakwana zaka 11 azikhala pambali panu poti mutha kumugwira dzanja, ndi lamulo lawo limenelo.

Mwina mukudabwa kuti zaulere chonchi zinachokera kuti. Anayambitsa ndi bambo wina dzina lake Paul Sinton-Hewitt, anakulira konkuno ku South Africa, mu October 2004 ku Bushy Park ku London, tsiku loyamba anathamanga anthu 13 okha. Iye anali atavulala, samatha kuthamanga, ndiye anangoti aziwerengera anzake nthawi kuti asasowe ocheza nawo. Kuno inafika mu 2011 ndi Bruce Fordyce, uja anawina mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Comrades Marathon ka 9, ndipo yoyamba inali pa Delta Park pomwe ndimapita inepo. Abale amene muli ku UK ndiye muli nazo pafupifupi tawuni iliyonse, ku England 9 koloko, ku Scotland 9:30, Lamulungu palinso ya ana ya makilomita 2 kuyambira zaka 4 mpaka 14.

Zonsezi zimayenda ndi anthu odzipereka, salipidwa, ndiye mukapita kangapo dziperekeni nanunso tsiku lina. Ingouzani wotsogolera mukamaliza kapena alembereni imelo, akupatsani ntchito yopepuka, kuima pokhota kumalozera anthu njira, kugawa timapulasitiki tija, ndipo safuna kuti mukhale odziwa kale. Ine ndi mmene ndinadziwirana ndi anthu, kuyimirira pa kona m'mawa kukuzizira uku aliyense wodutsa akuti thank you marshal, munthu amene sabata yonse umagwira ntchito osamva zikomo.

Ndikudziwa ambiri a ife Loweruka timagwira, m'magadeni, m'nyumba, m'mashopu. Palibe amene amakulembani kuti mwajomba, mukapita kamodzi pa mwezi tsiku la off ndi bhobho, barcode siitha ntchito. Amene mumalowa mochedwerapo, pofika 9 koloko mumakhala mwamaliza. Uzanani awiri atatu a pa yadi imodzi, musonkherane ya taxi kapena musankhe paki yoti mufike wapansi, mulembetse Lachisanu usiku, foni muitchaje.