Momwe mungasankhire mfuti yosakira yotchipa yogulira m'bale wanu

Ngati pakhomo pali munthu yemwe wayamba kukonda zosaka nyama, kaya ndi mwana wanu wamkulu, mlamu, akazi anu kapena bambo anu omwe mfuti yawo yatopa, ndipo mukufuna kuwagulira yawoyawo koma thumba silikulola zodula, musadandaule, masiku ano mfuti zotchipa zikulasa bwino kwambiri kuposa mmene zinalili kale. Chomwe chimasokoneza ambirife nchoti timagula mfuti yomwe ifeyo timaisirira mumtima, mwini wakeyo osamuganizira nkomwe. Nde tiyeni tione mmene mungayendetsere.

Choyamba, mapepala. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko koma mmaiko ambiri laisensi ya mfuti imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi komanso pa nambala ya mfuti imodzi, kutanthauza kuti kugula m'dzina lanu kenako nkukampatsa m'bale wanu ngati mphatso yomudzidzimutsa nayo kungakugwetseni nonse awiri m'mavuto. Njira yabwino ndi kupita naye limodzi, inu mulipire, iyeyo alembetse m'dzina lake. Kumbukiraninso kuti chiphaso chosungira mfuti nchina, chilolezo chosakira nyama nchinanso, ndipo pali zaka zomwe munthu amayenera kufika kaye. Funsani ku ofesi yoona za mfuti musanatulutse ndalama.

Chachiwiri, mufunseni kuti azikasaka chani, chifukwa nyama ndi yomwe imasankha kaliba, kutanthauza kukula ndi mtundu wa chipolopolo chomwe mfutiyo imawombera. Ngati ndi akalulu ndi tinyama tating'onoting'ono .22 LR ndiyokwana, siikankha phewa, zipolopolo zake ndiye zotchipa kuposa zonse ndipo zimabwera 50 mu kabokosi. Koma musaiwombere nyama yaikulu chonde, mungoivulaza nkukafera kutali ikuvutika. Pa agwape, mbawala ndi zina za msinkhu umenewo .243 Winchester ndi yabwino zedi, inatuluka mu 1955 ndipo ndi katiriji (kachikopa kachitsulo kosunga onga ndi chipolopolo) ya .308 yomweyo anangoichepetsa kukamwa kuti ilowe chipolopolo chaching'ono, cha 80 mpaka 100 grain (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo). Akafuna imodzi yogwira ntchito zonse mpaka nguluwe ndi ngoma, tengani .308 Winchester, ya 1952. Palinso .30-06 Springfield ya 1906 ndi .270 Winchester ya 1925 zomwe alenje akale amalumbirira, ndi 6.5 Creedmoor ya Hornady yomwe inabwera mu 2007 nkutchuka kwambiri. Za njati ndi zina zoopsa imeneyo ndi nkhani ya .375 H&H, si mfuti yoyambira ndipo si yotchipa, tiisiye.

Apa ndiikepo kamodzi ka bajeti. Mfuti mumagula kamodzi koma zipolopolo mumagula moyo wonse, nde musanakondwe ndi mtengo wa mfutiyo yang'anani pa shelefu kuti zipolopolo zake zilipo mitundu ingati, ndipo bokosi la 20 likudula bwanji poyerekeza ndi zina. Mfuti yomwe yatsitsidwa mtengo modabwitsa nthawi zambiri imakhala ya kaliba yosowa, mwezi umodzi zipolopolo zilipo mwezi wina kulibe, mapeto ake imangokhala mu kabati. .308 ndi .30-06 zimapezeka pafupifupi kulikonse komwe amagulitsa zipolopolo. Ndipo posaka gwiritsani zipolopolo zamutu wofewa zomwe zimatambasuka zikalowa m'nyama, osati zija zachisilikali zokutidwa ndi chitsulo ponseponse ngakhale zitchipe bwanji, zimangoboola nkudutsa nyama nkuthawa ndi bala, mmalo ambiri nzoletsedwa kusakira.

Chachitatu, mtundu wa mfuti. Tengani bolt-action basi, ija mumakoka kachitsulo kotchedwa bolt ndi dzanja kuti mulowetse chipolopolo chilichonse, ndi yosavuta kutsuka, siionongeka chisawawa ndipo wophunzira amaona ndi maso ake kuti mulibe chipolopolo. Zotchipa zodalirika ndi monga Savage Axis, Ruger American, Mossberg Patriot, Winchester XPR ndi Howa 1500 ya ku Japan, mukakhala ndi kowonjezera pang'ono Tikka T3x ya ku Finland bolt yake imayenda mosalala kwabasi. Pa .22 LR, CZ 457. Zambiri mwa izi thupi lake ndi lapulasitiki, sizikongola ngati zamtengo koma mvula siziopa.

Tsopano chachinayi, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe zinativuta ife pogulira mng'ono wanga. Mfuti ili ngati nsapato, iyenera kumukwana mwini wake. Pali mtunda wochokera pa tiriga, kokokera powombera kaja, kukafika kumapeto kwa thako la mfuti, pa mfuti zambiri za akuluakulu umakhala pafupifupi masentimita 34, pa zomwe amazitcha compact kapena youth umakhala cha m'ma 32. Kusiyanako kumaoneka ngati nkochepa koma kwa munthu wamfupi kapena wamikono yaifupi ndi nkhani yaikulu. Mng'ono wangayo ndi wamfupi, wochepa thupi, ndipo wogulitsa mushopu anatikakamiza .30-06 yopepuka yobwera kale ndi sikopu (galasi loonera patali polasa), amvekere iyi ndiye ya amuna, azolowera. Mushopu anangoinyamula nkuiyang'ana, sanaiike paphewa bwinobwino. Tsiku loyamba kuiyesa thako lija linali lalitali moti silimakhazikika m'phewa, limatsetserekera kumkono, ndipo kuti aone bwino mu sikopu amachita kusolola khosi mpaka diso kuyandikira galasi. Atakoka tiriga mfuti inabwerera mmbuyo, mkombero wa sikopu unamudula pamwamba pa nsidze, magazi chuchuchu kutsikira m'diso.

Bala linapola msanga koma mantha anatsala. Kuyambira pamenepo akati akoke tiriga amatsinzina ndi kukankha phewa kutsogolo mfuti isanalire, zipolopolo nkumagwera pansi pa chandamale, iye nkumaganiza kuti mfutiyo ndi yokhota. Kuchotsa chizolowezi chimenechi kumatenga nthawi kuposa kuphunzitsa munthu amene sanagwirepo mfuti. Chinatithandiza ndi kumubwezera ku .22 LR kwa kanthawi, komanso kumuikira mu magazini, mosungira zipolopolo mu mfutimo, zipolopolo zabodza zoyeserera kusakaniza ndi zenizeni iye osadziwa, nde ikafika yabodza amadzionera yekha mpope wa mfuti ukugwa pansi popanda kulira kulikonse. Kenako tinasinthitsa mfutiyo ndi .243 ya compact, yomwe kukankha kwake ndi pafupifupi theka la .30-06, pano amalasa mosaopa.

Nde inu chitani chonchi mushopu momwemo. Wogulitsa atsegule bolt nonse muone kuti mulibe kanthu, m'bale wanuyo avale jekete lomwe azikavala kutchire chifukwa limawonjezera kutalika, atsinzine, aike mfuti paphewa tsaya ligunde pa thako, kenako atsegule maso. Akuyenera kuona bwalo lonse la sikopu lowala popanda kusuntha mutu, diso likhale masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pa galasi, chala chifike pa tiriga osachita kudzikoka, ndipo pakati pa mphuno ndi chala chachikulu pakhale mpata wa zala ziwiri. Abwereze kangapo. Ngati akuvutika kuigwira chiimire kwa kamphindi ndi yolemera, koma musathamangirenso yopepukitsitsa chifukwa mfuti ikapepuka ndi pomwe imakankha kwambiri, ya makilogalamu 3 musanaike sikopu ndi pabwino kwa ambiri.

Muyeseninso diso. Atambasule manja apange kabowo ndi zikhatho, ayang'ane chinthu chakutali kudzera pa kabowopo maso onse ali otsegula, kenako atseke diso limodzi limodzi. Diso lomwe likatsala lotsegula lokha chinthucho chikuonekabe pakati ndilo lolamula. Pali anthu olemba ndi dzanja lamanja koma diso lolamula ndi lamanzere, woyamba kumene ndi bwino aphunzire kuwombera mbali ya diso lakelo, ndipo Savage, Ruger ndi Tikka amapanga mfuti zamanzere, musalole wina akuuzeni kuti kulibe chifukwa choti iyeyo alibe mu sitoko.

Chachisanu, ngati mukugula yomwe inagwirapo kale ntchito, zomwe sizolakwika, mfuti yosamalidwa imakhala zaka zambirimbiri. Chotsani bolt muyang'ane mkati mwa mpope moloza kowala, mizere yozungulira yomwe ili mkatimo ioneke yakuthwa, pasakhale dzimbiri kapena timaenje. Onani kukamwa kwa mpope ngati sikunabenthuke, ndi thupi lake ngati silinang'aluke kuseri kwa bolt. Zakale zachisilikali monga Lee-Enfield ya .303 British zambiri zinawomberedwa ndi zipolopolo zodyetsa dzimbiri nde mipope yake samalani nayo, katswiri wokonza mfuti aione kaye. Nambala ya pa mfuti ifanane ndi ya pa mapepala. Munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp wonena kuti tumizani kaye ndalama, mapepala abwera pambuyo, kapena nambala yooneka yopalidwa, thawani, mfuti yakuba kapena yomwe inapalamulapo mlandu idzapezeka m'manja mwa m'bale wanu. Zosula pamanja ngati gogodela musayerekeze nkomwe, zimaphulikira mwini wake.

Chachisanu ndi chimodzi, sikopu. Zija zobwera limodzi ndi mfuti mu phukusi zina nzabwinoko zina zimachita nkhungu mkati ndipo zimasuntha zikagwedezeka, bola kugula mfuti yotchipa nkuikapo sikopu yabwino ya 3-9x40 (yokuza chinthu katatu mpaka ka 9, ya galasi lakutsogolo la mamilimita 40), yokwana pa kusaka kwina kulikonse kwa wamba. Mphete zogwira sikopu musagule zachabechabe, ndipo masikuluwu ake mangani molingana ndi mmene wopanga walembera, mukamangitsa mumaphwanya chubu.

Kenako kukaiseta sikopuyo, kuti pomwe ikuloza ndi pomwe chipolopolo chizigwera, kumalo ovomerezeka owombererako. Yambani pa mamita 25 kuti chipolopolo chigwere pa pepala, kenako 100, muziwombera zitatu zitatu musanapotoze timabatani tosetera sikopu, pa masikopu ambiri kiliki imodzi ya kabataniko imasuntha pogwera chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Womaliza kuseta akhale mwini wake, ndi zipolopolo zomwezo zomwe azikasakira. Zotseka m'makutu muvale nonse, kulira kwa mfuti izi kumapitirira ma decibel 140 ndipo khutu likaonongeka silichira.

Zotsala mukuzidziwa, lamba wonyamulira, chikwama, zotsukira ndi mafuta, maphunziro a kagwiridwe ka mfuti ngati sanapangepo. Kabati yachitsulo yokhoma ilowe mu bajeti yomweyo kuyambira pachiyambi, mmaiko ena sakupatsani laisensi musanaionetse, mfuti izigona yopanda chipolopolo, zipolopolo zikhomeredwe pena, makiyi kutali ndi ana.