SAE 40 kapena 15W-40? Momwe mungasankhire ndi kusinthira oyilo mu lole yakale ya dizilo

Mkangano uwu sutha m'magalaja. Makaniko wachikulire adzakuuzani kuti lole yakale imafuna SAE 40, oyilo amene inabadwa naye. Mukapita kushopu akutulutsirani chigubu cha 15W-40 n'kukuuzani kuti SAE 40 ndi wachikale. Ine ndimaona chonchi: malole ambiri akale amene amatuta mchenga, njerwa, chimanga ndi fodya m'misewu yathu amayenda bwino ndi 15W-40. Koma pali injini zina zimene oyilo ameneyu angaziphe, ndiye musanatsegule chigubu tsatani izi.

Choyamba: dziwani injini, osati dzina la lole lokha

Lole yazaka 30 kawirikawiri imakhala itasinthidwapo injini. Pezani kachitsulo kolembedwa pa injiniyo, muwerenge mtundu wake.

Ngati ndi Detroit Diesel ya two-stroke (imene imaphulitsa dizilo nthawi iliyonse pisitoni ikakwera), ya Series 53, 71 kapena 92, monga 6-71, 8V71 kapena 6V92, nkhani yathera pomwepo. Kampani yake inalamula oyilo wa nambala imodzi, SAE 40, wa gulu la API CF-2 (API ndi bungwe la ku America limene limaika oyilo m'magulu), amene phulusa lake akapsa silipitirira 1 peresenti. Injini zimenezi zili ndi mabowo olowera mpweya m'mbali mwa silinda, maring'i amadutsa pamabowopo nthawi zonse, ndipo oyilo wa manambala awiri, monga 15W-40, sapirira bwino pamenepo. Mudzaizindikira ndi kulira kwake, imakuwa ngati ikuthamanga kwambiri ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono. Kuno sizochuluka, koma zimapezeka m'malole a ku America, m'majenereta ndi m'makina ena akale.

Zambiri zomwe timaziona ndi za four-stroke, zimene zimaphulitsa dizilo kamodzi pisitoni ikakwera kawiri: Mercedes-Benz OM352 ndi OM366, Isuzu 6BD1, za mu Canter, Hino, Tata, Cummins. Zimenezi 15W-40 zimamulandira. Ngati buku la galimoto likadalipo, m'kati muli tchati chosonyeza oyilo woyenera malinga ndi nyengo, ndipo mawu a bukulo aposa anga.

Chachiwiri: mvetsani zomwe manambala akunena

Oyilo aliyense amalimba kukazizira n'kusungunuka akatentha, ngati uchi. Nambala 40 imanena kulimba kwake pa madigiri 100, kutentha kofanana ndi kwa injini imene ili pantchito. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera: SAE 40 ndi 15W-40 akatentha amakhala pamlingo umodzi wa 40. Si zoona kuti 15W-40 ndi wamadzimadzi pa injini yotentha. Akuoneka wopepuka mukamathira chifukwa mukumuona ali wozizira.

Kusiyana kuli m'mawa. Chilembo W chikuimira nyengo yozizira, ndipo 15W amayesedwa pa madigiri 20 kunsi kwa ziro. Kwathu kuno sikuzizira chotero, inde, komabe lole yogona pabwalo ku Dedza kapena ku Mzimba mu June imadzuka oyilo ali gwa. SAE 40 amachedwa kukwera kufika kumabering'i ndi kumutu kwa injini, sitata imavutika, batire imatha msanga. Masekondi amene zitsulo zikukhulana zouma aja, tsiku ndi tsiku, ndiwo amadya injini mwakachetechete. Ngati ili ndi turbo ndiye vuto limakula, chifukwa turbo imazungulira mothamanga kwambiri ndipo imadalira oyilo afike nthawi yomweyo.

Nanga ubwino wa SAE 40 uli pati? Kuti oyilo akhale wa manambala awiri amamuthira mankhwala amene amamuletsa kusungunuka kwambiri akatentha. Mankhwalawo amaduka-duka pakapita nthawi, makamaka mu oyilo wotchipa, ndipo 40 uja amatsika n'kuyandikira 30. SAE 40 alibe mankhwala amenewa, choncho alibe chodukamo. N'chifukwa chake amisiri amene anakhumudwa ndi oyilo wa manambala awiri wa zaka zam'mbuyo sanamukhulupirirenso. Sankanama, koma oyilo wa masiku ano si uja ayi.

Chachitatu: tembenuzani chigubu, muwerenge kumbuyo

Apa ndi pofunika kuposa mkangano wa manambala. Funani zilembo za API zoyamba ndi C, chifukwa C ndiye wa dizilo. CH-4 anabwera mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, CK-4 mu 2016. Lole yakale ya four-stroke ikapeza CH-4 kapena CI-4 yapeza zokwanira. FA-4 musamugule, anapangidwira injini zatsopano. Chigubu cholembedwa SA kapena SB chokha muchisiye pomwepo: oyilo ameneyo alibe mankhwala otsuka mwaye, ndipo injini ya dizilo imatulutsa mwaye wambiri. SAE 40 wambiri amene ali pamsika amathera pa CF, gulu la mu 1994, ndiye mukasankha iyeyo dziwani kuti mwasankhanso mankhwala achikale.

Oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wopanda chidindo, ndilibe naye mawu abwino. Simudziwa kuti ndi nambala yanji, mwinanso ndi wakale wosefedwa.

Chachinayi: yezani injini musanasinthe kanthu

Yendetsani lole ndi katundu mpaka injini itenthe bwino, kenako lembani m'kabuku zomwe geji yoonetsa mphamvu imene oyilo akupopedwera ikuonetsa injini ikungolira payokha, ndi pamene mwaponda moto. Geji ya padeshibodi ikakhala yokayikitsa, makaniko amangirire yake yapamanja. Lembaninso malita amene mumawonjezera pa makilomita 1,000 alionse. Popanda manambala awa mudzangokangana ndi anzanu osadziwa ngati oyilo watsopano wakuthandizani.

Tsegulaninso chivundikiro chothirira oyilo musuzumire ndi tochi. Mukaona matope akuda okhuthala ngati phula, injiniyo yakhala ikumwa oyilo wosatsuka kapena wokhalitsa. Yotereyi pamafunika kumasula sampu (beseni la pansi pa injini losungira oyilo), kuitsuka pamodzi ndi kasefa ka pampu, musanathire oyilo wabwino. Mukapanda kutero, litsiro likayamba kumasuka likhoza kutseka kasefako.

Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa. Akamanunkha dizilo ndipo akuchuluka yekha pa kandodo koyezera, mainjekita kapena pampu ya dizilo ikudontha. Zimenezi palibe nambala ya oyilo ingazichize.

Chachisanu: kusintha kwenikweniko

Imikani lole pamalo osatsetsereka injini ikadali yofunda. Masulani nati ya pansi pa sampu, mulole oyilo akhe mpaka kudontha kuleke. Chotsani fyuluta yakale. Malole ena ali ndi ziwiri, musaiwale inayo. Pakani oyilo pang'ono pa labala ya fyuluta yatsopano, muimange ndi manja, osati ndi sipanala. Ikani washala watsopano pa nati. Thirani malita amene buku likunena, lizani injini osaponda moto, maso ali pa geji. Muvi ukapanda kukwera pakatha masekondi ochepa, zimitsani msanga. Zikayenda bwino, zimitsani pakapita mphindi zingapo, dikirani oyilo atsikire mu sampu, muyezenso.

Kotsalira pang'ono ka SAE 40 kakasakanikirana ndi 15W-40 sikaononga kanthu. Ngakhale panjira, oyilo akachepa muli pakati pa tchire, kuwonjezera mtundu winawo kuli bwino kusiyana ndi kuyenda sampu ili youma, bola akhale oyilo wa injini ya dizilo. Wa giya uja wolembedwa 90 asalowe mu injini zivute zitani.

Oyilo wakale musamuthire pansi kapena mu ngalande. Musungeni m'chigubu chotseka.

Chachisanu ndi chimodzi: ulendo woyamba ukhale waufupi

Oyilo woyamba mutasintha mtundu musamukhalitse. Theka la makilomita amene mumayenda nthawi zonse musanasinthe oyilo ndi lokwanira, kenako sinthaninso pamodzi ndi fyuluta. Adzada msanga, musadabwe, ndiye kuti akutsuka. Pomwe panali kudontha pang'ono pakhoza kuonekera kwambiri, chifukwa litsiro limene linkatseka silo (labala yotchinga oyilo kuti asadonthe) yakutha lachoka. Sinthani siloyo.

Kenako bwererani ku kabuku kaja. Geji ikamaonetsa monga kale injini itatentha, ndipo malita owonjezera sanakwere, khalani pa 15W-40. Ikatsika kwambiri pokwera phiri ndi katundu, monga pa Chiweta kapena pochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mu October, kapena lole ikayamba kumwa oyilo kuposa kale, mukhoza kubwerera ku SAE 40 kapena kuyesa 20W-50 wa dizilo. Lole yogwira ntchito kotentha kokhakokha, monga ku Nsanje, imene imalizidwa kamodzi m'mawa n'kukhala yotentha tsiku lonse, SAE 40 wa gulu la C siingadandaule naye kwambiri, bola dalaivala aziisiya ilire kaye mphindi zingapo asananyamuke.

Koma musadzinamize ndi geji. Oyilo wolimba amakweza muvi chifukwa akuvutika kudutsa, mpata wa m'mabering'i ukadali womwewo. Ngati utsi wabuluu sukuleka ndipo paipi yopumira injini ikufuka ngati m'khitchini ya nkhuni zaziwisi, itanani makaniko ayeze compression (mphamvu imene masilinda amapanikizira mpweya), muyambe kufunsa mitengo ya maring'i ndi mabering'i nyengo yotuta zokolola isanafike.