Kumanga khola la nkhuku lomwe zilombo sizingalowemo

Nkhuku zikafa zambiri nthawi imodzi, aliyense amadziwa kuti kwabwera chitopa, ndipo nkhani yake imamveka mudzi wonse. Nkhuku zomwe zimatha imodziimodzi, lero mwanapiye, mawa msoti, sabata yamawa thadzi lomwe limakhalira mazira, sizidandaulitsa mwamphamvu chotero, ngakhale kuti mukaziwerenga pakutha pa chaka mumapeza kuti ndi zambiri. Si zachilendo kuona thadzi litaswa anapiye 12 koma ofika pa msinkhu wogulitsa n'kukhala atatu okha. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso miyezi inayi iliyonse, amateteza nkhuku ku chitopa, koma kwa likongwe ndi kabawi alibe mphamvu. Mbali imeneyo ndi ntchito ya khola, ndipo khola limagwira bwino ntchitoyi mlimi akalimanga poganizira chilombo chaching'ono kwambiri chimene chimafika pakhomo pake, chifukwa mpata woti fisi sangalowetsepo ndi mphuno yomwe ndi khomo lalikulu kwa likongwe, khoswe ndi njoka.

Musanadule mtengo ngakhale umodzi, yambani mwadziwa mdani amene akukuvutitsani, pakuti chilombo chilichonse chili ndi njira yake ndipo chimasiya zizindikiro zake. Mukapeza m'mawa nkhuku zingapo zitafera m'khola momwemo, zitalumidwa pakhosi kapena kudyedwa mutu wokha, kawirikawiri walowa ndi kanyama kowonda ngati likongwe kapena mwiri, kamene kamadutsa pampata wochepa n'kulephera kutulutsa nkhuku yathunthu. Dzenje lokumbidwa m'munsi mwa chipupa, pamodzi ndi nthenga zomwazikana panja, limaloza galu, nkhandwe kapena chiuli. Mazira akamasowa m'chisa osasiya zikamba, ganizirani za njoka kapena ng'azi, makamaka ngati khomo lanu lili pafupi ndi dambo kapena mtsinje. Anapiye osowa masana amatengedwa ndi kabawi, mphamba kapena khwangwala, pomwe opezeka usiku atatafunidwa miyendo ndi pamimba amakhala atagwidwa ndi makoswe. Pamene nkhuku zonenepa zokhazokha zasowa, popanda nthenga, magazi kapena phokoso, ndiye kuti kunabwera chilombo cha miyendo iwiri, ndipo mankhwala ake ndi loko.

Malo omangapo khola akhale okwera, osadikha madzi m'dzinja, ndiponso apafupi ndi nyumba moti nkhuku zikalira usiku mungazimve muli pamphasa. Lambulani tchire ndi udzu kuzungulira malowo kwa mamita osachepera atatu, chifukwa likongwe ndi njoka sizikonda kudutsa poyera. Milu ya nkhuni, njerwa zakale ndi dzala zikhale kutali, popeza ndimo mogona makoswe, ndipo komwe kuli makoswe njoka siichedwa kufika. Nthambi za mitengo zomwe zawerama pamwamba pa denga zidulidwe, pakuti vumbwe ndi mwiri ndi akatswiri okwera mitengo ndipo amatsikira padenga mosavuta. Mbali yomwe mwera umachokera ikhale yotsekedwa kwambiri, kuti mphepo yozizira ya mu Juni ndi Julayi isamawombe nkhuku usiku.

Kwa mlimi wa nkhuku zachikuda kapena za Mikolongwe zosapitirira 20, ine ndimalimbikitsa khola la m'mwamba, lomangidwa pa mizati ngati nkhokwe. Ubwino wake ndi woti zilombo zonse zokumba zimakhala zagonja kale, zitosi zimagwera pansi pomwe mungazikokole n'kupita nazo kudimba, komanso mpweya umayenda bwino. Khola la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi limakwanira nkhuku zazikazi 10 ndi tambala mmodzi. Pakhola lotere zikani mizati isanu ndi umodzi ya mitengo yolimba, monga bulugamu wokhwima, m'mayenje akuya theka la mita, ndipo pansi pa khola pakhale potalika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera panthaka, kuti galu asafikire mosavuta. Mbali ya mzati yolowa m'nthaka iwaulidwe pamoto kapena ipakidwe oyilo wakutha wa galimoto, chifukwa chiswe chikadya mzati umodzi khola limapendekeka ndipo mipata imatseguka paliponse.

Mizati ikasiyidwa yokha imasanduka makwerero a makoswe ndi njoka. Pachifukwa chimenechi, vekani mzati uliwonse chipewa cha lata chooneka ngati fanulo yozondoka, pamtunda wa masentimita 60 kapena kuposerapo kuchokera pansi, monga momwe timachitira ndi nkhokwe zamakono. Beseni lachitsulo lakutha, loboola pakati n'kulizondotsa, limagwira ntchito yomweyo, malinga ngati pamene lakhudzana ndi mtengo mwakhomerapo bwino osasiya mpata. Makwerero amene nkhuku zimakwererapo asakhomeredwe ku khola. Akhale ochotseka, ndipo madzulo aliwonse nkhuku zikalowa achotsedwe n'kugonekedwa patali, apo ayi zipewa zonse zija mwazivutikira chabe.

Pansi pa khola ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa. Poyala nsungwi kapena timitengo, amasiya mipata yaikulu pofuna kuti zitosi zizigwa msanga, osadziwa kuti pomwepo ndi pamene chilombo chimapisa dzanja n'kukoka mwendo wa nkhuku. Mpata pakati pa nsungwi ziwiri usapitirire sentimita imodzi ndi theka, ndipo muyezo wosavuta ndi chala chanu chachikulu: ngati chikulowa, mpatawo wakula. Nsungwi zikhale zouma musanaziyale, popeza zaziwisi zimafota pouma ndipo mpata womwe unali woyenera pomanga umadzakula pakapita mwezi umodzi. Zikhomereni ndi misomali kapena zimangeni ndi waya kapena linya. Luzi ndi lotsika mtengo, inde, koma limafumbwa ndi kuduka chaka chisanathe.

Muyezo wa chala womwewo ugwirenso ntchito pa zipupa. Bango ndi mapesi sizoyenera konse, chifukwa galu amazithyola ndi mano ndipo makoswe amaziboola usiku umodzi. Gwiritsani ntchito nsungwi zothithikana, matabwa otsala kocheka kapena nsichi zomata ndi dothi, koma mukamata muzire bwino kuti pasakhale ming'alu, poti m'ming'alumo ndi mobisala utitiri ndi nkhufi zomwe zimayamwa nkhuku magazi usiku. Pali alimi ena omwe, chifukwa cha mantha a zilombo, amatseka khola lonse osasiya polowera mpweya, ndipo mapeto ake nkhuku zimadwala chifuwa ndi maso chifukwa cha fungo la zitosi ndi kutentha kwa mu Okutobala. Siyani mazenera kumtunda kwa zipupa ziwiri zoyang'anana, ndipo muwatchinge ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono.

Nkhani ya waya ndiyofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimapita. Waya wa nkhuku wamba, wopota uja wa mabowo a ngodya zisanu ndi imodzi, anapangidwa kuti nkhuku zisatuluke, ndipo pa ntchito yoletsa zilombo ndi wofooka: galu wamkulu amaung'amba, dzimbiri limaudya msanga pamene wakhudza nthaka, ndipo ngati mabowo ake ndi a mamilimita 25 kapena 50, njoka ndi makoswe ang'ono amadutsa. Waya woyenera pa mazenera, pachitseko ndi m'munsi mwa mpanda ndi wowotcherera wa mabowo a mamilimita 13, omwe m'masitolo a zomangira amati hafu inchi. Ndi wokwera mtengo, kotero ngati ndalama zapelewera gulani wochepa n'kuuika pamalo oopsa okhawo, ndipo waya wamba muusiyire kumtunda kwa mpanda. Poukhomera, musadalire misomali yokhota yokha. Panikizani m'mphepete mwa waya ndi kathabwa kapena kansungwi kong'ambula, n'kukhomera pamodzi, kuti chilombo chikamakoka asazuke msomali umodziumodzi.

Malo enanso oiwalika ndi pamene denga lakumana ndi chipupa. Pakhola lofolera malata, mizere ya lata imasiya timipata pamwamba pa chipupa, ndipo palofolera udzu mpata umakhala pakati pa phaso ndi phaso. Tsekani ponsepo ndi dothi, matope a simenti kapena waya. Ngati denga ndi laudzu, yalani waya pansi pa udzuwo musanafolere, chifukwa kanyama kakakwera padenga kamangofukula udzu n'kugwera mkati. Denga lituluke kunja kwa chipupa ndi theka la mita kuti mvula isamalowe pamazenera.

Chitseko chikhale chathabwa kapena chalata, chokhala ndi mahinjesi enieni ndiponso chotsekera pa felemu, kuti chikakankhidwa chisalowe mkati. Kutsekera ndi mwala, njerwa kapena chigubu ndi kuitana galu. Ikani chokowekera chachitsulo ndi loko, ndipo pabanja pagwirizane za munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwerenga nkhuku ndi kutseka dzuwa likangolowa, popeza pakhomo pomwe aliyense amaganiza kuti mnzake watseka, khola limagona lotsegula. Mkati ikani mitengo yogonapo nkhuku, yopatsa nkhuku iliyonse malo a masentimita 20 mpaka 25, ndipo italikirane ndi mazenera kuti chilombo chisafikire nkhuku yogona kudzera pawaya. Zisa zikhale za masentimita 30 mbali zonse, chimodzi pa nkhuku zinayi kapena zisanu. Thadzi lozolowera kuikira m'tchire kapena kuseri kwa bafa ndi limene limayamba kugwidwa, motero lizolowezeni chisa cha m'khola posiyamo dzira limodzi lolembedwa chizindikiro ndi khala.

Amene akuweta nkhuku zambiri ndipo akufuna khola lapansi amange ndi njerwa pa maziko akuya masentimita 30 mpaka 45, ndipo pansi pakhale pa simenti kapena pa njerwa zoyala bwino, n'kuthirapo utuchi kapena mankhusu a mpunga.

Tsopano tinene za bwalo, lomwe ndi mpanda wozungulira khola momwe nkhuku zimakhala masana. Nkhuku iliyonse ipatsidwe malo osachepera mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kotero nkhuku 11 zija zimafuna bwalo la mamita 3 ndi 4. Mpanda utalike pafupifupi mamita awiri kuti munthu azilowa osawerama. Masentimita 60 oyambirira kuchokera pansi akhale olimba kwambiri, a njerwa, a nsungwi zothithikana kapena a waya wowotcherera uja. Pofuna kuletsa zokumba pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukumba ngalande yakuya masentimita 30 m'mphepete mwa mpanda, kutsitsiramo waya kapena malata akutha n'kukwirira pamodzi ndi miyala. Yachiwiri, yomwe ndi yopepuka pamalo a nthaka youma kapena yamiyala, ndi kupinda waya m'munsi kuti agone pansi chakunja kwa mpanda kwa theka la mita, n'kumupsinja ndi miyala ndi dothi. Galu ndi nkhandwe amayamba kukumba patsinde penipeni pa mpanda, ndipo akakumana ndi waya pansi pa mapazi awo sadziwa kubwerera m'mbuyo kuti akayambire patali.

Pamwamba pa bwalo pasasiyidwe poyera, makamaka kuyambira mu Ogasiti mpaka kumapeto kwa dzinja pamene akabawi amachuluka. Waya wamba apa akukwanira, ndipo alimi a kunyanja angagwiritse ntchito ukonde wakutha wa asodzi. Ngati zonsezi palibe, kungani zingwe modutsanadutsa motalikirana masentimita 30, chifukwa mbalame yogwira anapiye imafuna malo otambasulira mapiko potsika ndi pokwera. Chonde masikito omwe mwalandira kuchipatala ndi oteteza banja ku malungo, asathere pa bwalo la nkhuku, ndipo ngakhale pa ntchitoyi sachedwa kung'ambika ndi dzuwa.

Ndikudziwa kuti alimi ambiri sangakwanitse kudyetsa nkhuku zotsekera tsiku lonse, ndipo nkhuku zachikuda zimapindula zikamadzipalasira. Palibe cholakwika kutsegulira zikuluzikulu masana pamene pakhomo pali anthu. Amene sayenera kutuluka ndi anapiye, mpaka atakwanitsa masabata 6 kapena 8. Asungeni ndi make wawo m'bwalo kapena pansi pa dengu lalikulu lozondotsa lomwe mungalisunthe tsiku ndi tsiku, muziwapatsa gaga wosakaniza ndi soya wokazinga ndi kusinja, zinyenyeswa za usipa, masamba ndi madzi oyera m'chiwiya chosazama. Chakudya chotsala chichotsedwe madzulo, ndipo thumba la gaga lisungidwe m'ndowa yotseka kutali ndi khola, pakuti chakudya chogona pansi ndicho chimaitana makoswe.

Pali mdani mmodzi amene waya aliyense samuletsa, ndiye nyerere za linthumbu, zomwe zimayenda kwambiri m'nyengo ya mvula ndipo zikalowa usiku zimapha anapiye ndi thadzi lokhalira mazira. Thirani phulusa louma mozungulira tsinde la mzati uliwonse, mubwerezenso mvula ikagwa, ndipo pakani mizati oyilo wakutha pansi pa zipewa zija. Za poizoni, monga tameki amene ena amaika m'nyama pofuna kupha fisi kapena likongwe, ndikuletsani ndithu: amapha agalu a eni, amaika ana pangozi, ndipo nkhuku zanu zomwe zingajomphe nyamboyo. Fisi kapena nsato ikavuta m'mudzi, dziwitsani a mfumu ndi alangizi kuti auze a nthambi yoona za nyama zakutchire. Kadzidzinso musamuthamangitse ndi legeni, chifukwa chakudya chake chachikulu ndi makoswe, ndipo nkhuku zotsekeredwa m'khola sangazifikire.

Khola likatha kumangidwa, komanso kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, liyendereni masana dzuwa lili paliwombo. Lowetsani mutu kapena lowani mkati, mnzanu atseke chitseko, ndipo yang'anani paliponse pamene kuwala kukulowera: pansi, m'ngodya, m'mphepete mwa chitseko ndi pansi pa denga. Pamene chala chachikulu chikulowa, tsekani tsiku lomwelo. Mukatuluka, gwedezani mzati uliwonse kuti mudziwe ngati chiswe chayamba, kokani waya wa m'munsi muone ngati wachita dzimbiri, ndipo sesani mozungulira mpanda n'kuwazapo phulusa kapena mchenga wosalala, kuti m'mawa mwake mapazi akuuzeni chimene chinayendera khola lanu usiku.