Sitima yogwidwa mu ayezi: malangizo kwa otsogolera masewero a nthano a patebulo

Inu amene mumatsogolera masewero a nthano a patebulo, amene wosewera aliyense amakhala munthu wa m'nthano imene wotsogolera akusimba, monga Dungeons & Dragons amene anayamba mu 1974, mukafuna kutengera anzanu ku sitima yogwidwa pakati pa nyanja youndana, buku la zilombo za m'masewerowo liyambe lakhala pambali. Konzani pepala, pensulo, mbale zitatu ndi nyemba zodzaza manja awiri. Ndaonapo otsogolera ambiri akuyamba ndi chinjoka chobisala pansi pa ayezi. Osewera akachipha tsiku lachiwiri, sitima ija imangotsala nyumba yozizira yopanda chochitamo. Malo otere amakoma chifukwa cha nthawi: chakudya chikutha, ayezi akufinya matabwa, ndipo anthu amene atsekeredwa pamodzi ayamba kutopetsana.

Choyamba dziwani kuti sitima yogwidwa mu ayezi siima malo amodzi. Ayezi a panyanja amayenda ndi mphepo komanso mayendedwe a madzi, ndipo amanyamula sitimayo. Endurance, sitima ya wofufuza malo Ernest Shackleton, inagwidwa m'nyanja ya Weddell ku Antarctica, dera la ayezi la kumwera kwenikweni kwa dziko, mu Januwale 1915. Inatengedwa mtunda wautali kwa miyezi yambiri, anthu anatulukamo pa 27 Okutobala, ndipo inamira pa 21 Novembala chaka chomwecho. Fridtjof Nansen wa ku Norway anachita dala: mu 1893 analowetsa sitima yake Fram mu ayezi a kumpoto kwa Siberia kuti amunyamule, ndipo sitimayo inamasuka mu 1896. Ndiye jambulani mapu awiri. Mapu a mkati mwa sitima mulembe ndi cholembera chosafufutika, chifukwa osewera ayenera kuwadziwa ngati nyumba yawo: khitchini, mosungira malasha, chipinda cha kaputeni, kogona anthu wamba. Mapu a kunja mulembe ndi pensulo. Mlungu uliwonse wa m'nthano ukamayamba, ponyani dayisi nkusinthapo chinthu chimodzi. Mng'alu wa madzi akuda watseguka pakati pa sitima ndi khola la agalu. Chitunda cha ayezi chamera pamene panali njira. Chilumba chimene chinkaoneka kum'mawa chasowa. Wosewera amene anasiya mbiya ya mafuta panja aipeze tsidya lina la mng'alu.

Sankhaninso msanga kuti sitima yanu inapangidwa motani, chifukwa kutalika kwa nthano yanu kwagona pamenepo. Colin Archer anapanga Fram ndi mimba yozungulira ngati mbale, kuti ayezi akafinya aikankhire m'mwamba. Endurance inali yolimba kwambiri koma inalibe mimba yotere, ndipo ayezi anaiphwanya. Mukafuna nthano ya zaka, ya kusungulumwa ndi zinsinsi, tengani mtundu wa Fram. Mukafuna yosewera maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi okha, tengani sitima imene idzaphwanyike ndithu, ndipo osewera adziwe kuti funso ndi lakuti liti.

Tsopano nyemba zija. Mbale imodzi ndi chakudya, ina ndi malasha, yachitatu ndi kulimba kwa sitima. Ziikeni pakati pa tebulo, aliyense aziona. Mlungu ukatha, mmodzi mwa osewera achotse nyemba ndi dzanja lake, osati inu. Manambala olembedwa papepala la wotsogolera sachititsa mantha munthu. Koma mbale ikayamba kuoneka pansi, mudzaona anthu akusiya kuseka, wina akuwerenga nyemba zotsala ndi chala, wina akufunsa ngati kuli koyenera kuyatsa moto m'zipinda ziwiri. Ndi mmene banja limayang'anira nkhokwe mwezi wa Januwale, ndipo osewera athu safunika kuwaphunzitsa mantha amenewo. Musachulutse zowerengera. Mbale zitatu nzokwanira, mukawonjeza mafuta a nyale, zovala ndi zingwe masewero asanduka ntchito ya kalaliki.

Chakudya chokha sichikwanira. Sitima ya ku Belgium yotchedwa Belgica, yotsogoleredwa ndi Adrien de Gerlache, inagwidwa mu ayezi a ku Antarctica mu 1898 kwa pafupifupi chaka. Zakudya za m'zitini zinalipo, koma anthu anadwala scurvy, nthenda yobwera chifukwa chosowa vitamini C: nkhama kutupa ndi kutuluka magazi, thupi kufooka. Dokotala wawo Frederick Cook anawakakamiza kudya nyama yongophedwa kumene ya penguin (mbalame ya m'nyanja yosauluka) ndi ya seal (nyama ya m'nyanja), ndipo odwala anayamba kupeza bwino. Kwa inu wotsogolera, nkhani imeneyi ndi mphatso. Ikupatsani chifukwa chotulutsira osewera m'sitima yofunda kupita kukasaka pa ayezi osuntha aja.

Apa mpamene matsenga amafunika kuwagwira bwino, ndipo ndikupemphani muchedwepo. M'masewero ambiri muli matsenga opangira chakudya ndi madzi, kapena oyatsira moto. Mukangowasiya, mbale zanu zilibenso ntchito. Mukawaletsa masewero ali mkati, mwalakwira wosewera amene anasankha kukhala wamatsenga. Njira yabwino ndi kuwaikira mtengo, nkuuza aliyense musanayambe. Wamatsenga amene akudyetsa anthu 28 tsiku lililonse asatsale ndi mphamvu yochiritsa kapena yomenyera nkhondo tsiku limenelo. Chakudya cha matsenga chikhutitse mimba koma chisaletse scurvy. Kapena moto wa matsenga uzimveka kwa chinthu chimene chili pansi pa ayezi, ndipo ukayaka kawirikawiri chinthucho chiyandikire. Wosewera amalandira lamulo lililonse lolimba ngati walimva poyamba.

Anthu a m'sitima apatseni mayina, koma osapitirira asanu ndi awiri: kaputeni, mmisiri wa matabwa, wophika, dokotala, wodziwa njira ndi nyenyezi, woyang'anira agalu. Aliyense akhale ndi ntchito imene ena sangaigwire komanso chinthu chimodzi chomudya mumtima. Mbiri ya Endurance ili nazo zokwanira. Munali mnyamata Perce Blackborow amene analowa mozemba nkubisala. Mmisiri wa matabwa Harry McNish anali ndi mphaka wake Mrs Chippy, amene anawomberedwa sitima itaphwanyika, ndipo mmisiri yemweyo ndiye anadzakonza bwato lotchedwa James Caird limene linakaitana thandizo lopulumutsa onse. Taganizani munthu amene mwamupweteka mtima ndiye wagwira moyo wanu m'manja. Osewera akamakangana ndi wophika za kagawidwe ka shuga, musawadule kuti muthamangire ku nkhondo. Pamenepo mpamene nthano ikupsa.

Ambiri mwa osewera athu sanaonepo nyanja youndana, choncho mawu akuti kukuzizira kwambiri sawafika pamtima. Gwiritsani makutu ndi khungu. Matabwa akulira usiku ngati munthu wobuula. Chitsulo chikumata pachikhatho chopanda magolovesi. Mpweya wa anthu ogona waundana kudenga, ndipo moto ukayatsidwa m'mawa ukudontha pamabulangete. Kumadera oyandikira mapeto a dziko dzuwa limasowa kwa miyezi m'nyengo yozizira, ndiye lembani pa kalendala ya nthano tsiku limene lidzalowe komaliza ndi limene lidzatulukenso. Osewera adzaliyembekeza tsiku limenelo kuposa chuma chilichonse.

Zodabwitsa za m'nthano zichokere mu ayezi momwemo. Sitima ya ku America yotchedwa Jeannette inamira kumpoto kwa Siberia mu 1881, ndipo zinthu zake zinapezeka pa ayezi kufupi ndi Greenland mu 1884. Nansen anatengera pamenepo nzeru ya ulendo wake. Ayezi amasunga zinthu nkukazitula kutali. Kwa inu angatule bokosi la sitima imene inasowa zaka zana zapitazo, kachisi wokwiririka, kapena kalata. John Franklin ananyamuka ku England mu 1845 ndi sitima ziwiri, Erebus ndi Terror, ndipo anthu 129 amene analowa nawo ku Arctic, dera la ayezi la kumpoto kwenikweni kwa dziko, palibe anabwerera. Pambuyo pake panapezeka pepala losiyidwa mu mulu wa miyala pa chilumba cha King William Island. Uthenga woyamba unkati zonse zili bwino. M'mphepete mwa pepala lomwelo munawonjezedwa wina mu Epulo 1848, wonena kuti Franklin anamwalira pa 11 Juni 1847 ndipo sitima zasiyidwa. Lembani pepala lotere ndi manja anu, zolemba ziwiri zosiyana, mulipinde nkulipereka kwa osewera osanena kanthu.

Ngati malo anu ali ndi eni ake, alembeni mwaulemu. Ku Antarctica kulibe mtundu wa anthu wochokera komweko, koma ku Arctic kuli a Inuit, amene ankakhala ndi moyo kumene alendo okhala ndi mfuti ndi zitini ankafa. Nkhani zimene a Inuit ankasimbirana zinathandiza kupeza Erebus mu 2014 ndi Terror mu 2016. Eni dera a m'nthano yanu akhale odziwa kuwerenga ayezi, okhala ndi mavuto awo ndi zofuna zawo, ndipo osewera aphunzire kupempha nzeru.

Konzekeraninso tsiku losiya sitima. Musawalamule osewera, mbale ya kulimba kwa sitima ndiyo iwauze. Atasiya Endurance, Shackleton analola munthu aliyense kutenga katundu wake wosakwana kilogalamu imodzi, koma banjo ya Leonard Hussey, mmodzi wa anthu ake, analamula kuti inyamulidwe, podziwa kuti nyimbo zidzafunika. Anthu onse 28 anapulumuka, otsiriza atatengedwa pa chilumba cha Elephant Island pa 30 Ogasiti 1916. Tsiku limenelo likafika patebulo panu, uzani wosewera aliyense atenge pepala lolembapo katundu wa munthu wake wa m'nthano, asunge zinthu zitatu zokha, zina zonse azikhwatche yekha ndi pensulo. Kenako tsanulirani nyemba zotsala m'mbale imodzi, muchotse mapu a sitima patebulo, mufunse kuti mabwato awakokera mbali iti.