Filimu ya mayi wopeka makalata: ndi yoyenera mamega anu? Nayi njira yodziwira

Mphwanga amene amagwira ntchito ku Moatize ananditumizira uthenga pa WhatsApp sabata yatha. "Achimwene, filimu mumaitama ija, ya mayi wabodza uja, ndiitsitse? Mamega anga ndi owerengeka." Ndinamuuza kuti adikire kaye, chifukwa yankho lake silingakwane mu uthenga umodzi. Ndiye ndati ndilembe pano, mwina alipo ena a funso lomweli.

Filimu yake ndi Can You Ever Forgive Me?, yomwe inatuluka mu 2018. Dzinalo m'chinenero chathu tingati "Kodi mungadzandikhululukire?" Imasimba za Lee Israel, mayi wa ku New York amene anabadwa mu 1939 n'kumwalira mu 2014. Mayiyu anali mlembi weniweni, osati wongoyerekeza. Analemba mbiri ya katswiri wa zisudzo Tallulah Bankhead mu 1972, ndipo buku lake lonena za mtolankhani Dorothy Kilgallen linalowa pamndandanda wa mabuku oyenda malonda wa nyuzipepala ya New York Times. Koma la Estée Lauder, mayi wa bizinesi ya zodzoladzola, la mu 1985, linagwa chagada, ndipo zitseko zinayamba kumutsekekera. Filimuyi ikumupeza mu 1991: ntchito yatha, lendi yaunjikana, mphaka wake akudwala, iye ali pa mowa. Apa m'pamene anayamba kutayipa makalata onamizira kuti analemba ndi anthu otchuka amene anamwalira kale, n'kumagulitsa. Anapeka makalata pafupifupi 400.

Kwa ine filimuyi ndi yoyenera kuionera. Koma si ya aliyense, ndipo si ya madzulo aliwonse.

Yambani mwadzifunsa chimene mtima wanu ukufuna tsikulo. Ngati mwaweruka wotopa ndipo mukufuna zija za m'mavidiyo a pamsika, zomenyana ndi zothamangitsana pa galimoto, isiyeni. Ngati mukufuna za misozi ndi maukwati monga manovela a ku Brazil, isiyeninso. Muno mulibe mfuti, mulibe wokongola wodikira kukwatiwa. Mphindi zake 106 zambiri zimathera m'chipinda chauve, m'masitolo a mabuku akale, ndi m'bala momwe anthu awiri osowa kolowera akumwa masana dzuwa likuswa mtengo. Munthu wamkulu wa m'nkhaniyi ndi wamwano, wosacheza bwino, wokonda mphaka kuposa anthu. Mudzakhala naye pafupifupi maola awiri.

Pali kayeso kamene ndimauza anthu. Onerani mphindi makumi awiri zoyamba basi. M'menemo mudzamuona atanyamula mphaka kupita naye kwa dokotala wa ziweto, n'kubwezedwa chifukwa cha ngongole yakale. Mudzamuonanso atasenza mabuku ake kukagulitsa, wa m'sitolo n'kumupatsa tindalama tochititsa manyazi. Ngati pamenepo simunamve kanthu pamtima, zimitsani, musataye batire, chifukwa kutsogoloku kayendedwe n'komweko. Koma ngati munakhalapo munthu wodziwa ntchito yanu bwino kenaka n'kupezeka palibenso woifuna, simudzafuna kuimitsa.

Musanatsitse, onetsetsani za chilankhulo. Ili m'Chingelezi cha ku New York, chothamanga, chodzaza ndi mawu olasa. Pezani yokhala ndi malegenda a Chipwitikizi, mawu aja olembedwa pansi pa chithunzi. Ku Brazil anaitcha Poderia Me Perdoar?, ndiye mukafufuza ndi dzina limenelo simuvutika. Mafilimu omasuliridwa ndi ma DJ a ku Malawi, aja timathiritsa m'memori kadi, ine ndimawakonda, ndipo pa filimu ya nkhondo amaikometsa. Koma iyi nyama yake ndi mawu. Wina akamayankhula pamwamba n'kumaikamo nthabwala zake, mwadya msuzi wokha. Za kuwala kwa chithunzi musadandaule nazo, tsitsani yaing'ono yosadya mamega ambiri, bola malegenda aziwerengeka. Onerani usiku, ana atagona, mutavala mahedifoni, ndipo yang'anani kaye mayunitsi a magetsi a Credelec. Ine ndinaionera usiku wina wa mu Juni kuno ku Ulónguè, nditafunda bulangeti, kunja chisanu chikuluma, ndipo nyengoyo inagwirizana ndi New York wotuwa amene ali m'filimumo.

Kenaka dziwani mayina atatu, apo ayi mudzasochera. Fanny Brice anali woimba komanso wanthabwala wa ku America, anamwalira mu 1951. Dorothy Parker anali wolemba ndakatulo ndi nthano, wodziwika ndi lilime lakuthwa, anamwalira mu 1967. Noël Coward anali Mngelezi wolemba masewero, anamwalira mu 1973. Kumeneko kuli anthu amene amagula makalata a anthu otere n'kumasunga monga chuma. Tangoganizani wina atakuonetsani kalata imene Eduardo Mondlane kapena Samora Machel analembera mnzake, ili ndi siginecha yake pansi, momwe akudandaula za chimfine kapena kuseka munthu wina. Mtengo wa pepala limenelo sukhala wa pepala. Kalata ikakhala ndi mchere, ikamaonetsa munthuyo monga analili kuseri, mtengo umakwera. Chinsinsi chimene Lee anatulukira n'chimenechi.

Tsono pali malo amodzi amene ndikupemphani kuti muike maso. Lee wapeza makalata enieni a Fanny Brice m'laibulale, n'kuwazembetsa. Wogula akumuuza kuti kalata yoyamba ndi yozizira, ilibe kanthu kokoka, ndiye ndalama yake ndi yochepa. Lee akubwerera kunyumba, akuika kalata inayo m'makina otayipira, akuyang'ana danga lotsala pansi pa siginecha. Kenaka akutayipa timizere towonjezera, tanthabwala, m'mawu a Fanny Brice. Yang'anani nkhope yake pamenepo. Si nkhope ya wakuba yokha. Ndi ya munthu amene dzanja lake lakumbukira ntchito.

Pamene ndinafika apa ndinaimitsa filimu, chifukwa zimenezi ndinazichitapo.

Nthawi ya nkhondo banja lathu linathawira ku Dedza, monga anachitira anthu ambiri a ku Angónia. Ndinali mnyamata wa sukulu, ndipo pamalo pathu ndine ndinkawerengera akuluakulu makalata. Panali agogo ena a kumudzi kwathu amene mwana wawo anapita ku mafamu a ku Zimbabwe. Patapita zaka, kalata inafika, itayenda m'manja ambiri, envulopu itachita kufiira ndi fumbi. Agogowo anandiitana, anayala mkeka, anapukuta manja pachitenje asanaigwire. Nditatsegula ndinapeza mizere itatu: ali bwino, ntchito ikuvuta, ndalama atumiza akapeza. Nditamaliza anandiyang'ana.

"Mwanawe, wangolemba zomwezo?"

Ndinatembenuza pepala ngati kuseri kuli mawu. Ndinati, "Ayi agogo, kuli kwina. Akuti, amayi, nsima ya kuno sindikhuta nayo, ndimakumbuka chigwada chanu chotendera. Usiku ndimakulotani."

Anaseka, kenaka analira, n'kuisunga kalatayo m'kathumba ka pakhosi. Vuto linadza pambuyo. Sabata iliyonse ankandiitana kuti ndiwawerengerenso, ndipo mawu anga aja anawaloweza kuposa ine. Ndikaphonya ankandikonza: "Wadumpha, pali paja akuti amandilota." Mizere itatu yeniyeni ija sankaifunsa n'komwe. Mpaka pamene tinkabwerera kwathu, mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa ku Rome, sindinawauze zoona, ndipo anamwalira asakudziwa. Mpaka lero ndikaganiza, mtima umagawika. Ndinawapatsa chitonthozo, eya, koma ndinamulanda mwana wawo pakamwa pake, n'kumuikira mawu amene sananene. Ndiponso, ndivomere, zinkandikoma kuona kuti mawu anga angagwetse misozi ya munthu wamkulu.

Kukoma kumeneko ndiko filimuyi imakuonetsa mosabisa, ndipo n'chifukwa chake ndimati ndi yoyenera. Lee sankangofuna lendi. M'dzina lake palibe ankamuwerenga, koma akavala dzina la Dorothy Parker anthu ankatama mzere uliwonse. M'buku lake la mu 2008, lomwe filimuyi inachokera, iye mwini anati makalata abodzawo ankawaona kuti ndiyo ntchito yake yabwino koposa. Ngakhale dzina la bukulo ndi filimuyo linachokera m'kalata imene anapeka m'dzina la Parker.

Amene munagwirapo makina otayipira mudzasangalala ndi zina. Ine nditabwerera ndinakhala zaka zingapo pakhonde la sitolo ina kuno ndikutayipira anthu marekerimento ndi madekalarasau, ndiye ndikudziwa kuti makina aliwonse ali ndi chilema chake: pena chilembo chimodzi chimakwera, pena chimadetsa. Lee ankadziwa zimenezi. Anasonkhanitsa makina akale angapo, aliwonse a mlembi wake, kuti Coward asafanane ndi Parker. Siginecha ankaitsata ataika pepala pagalasi la TV yoyaka kuti kuwala kudutse. Chimene chinamugwetsa sichinali makina, koma kukometsa mopitirira. Coward ankakonda amuna anzake, ndipo pa nthawi yake ku England umenewo unali mlandu mpaka 1967, choncho ankasamala zolemba. Makalata a Lee ankanena zimenezo poyera kwambiri, ndipo omudziwa Coward anayamba kukayika.

Apa ndikuchenjezeni chinthu chimene ambiri amaiwala akamaonera mafilimu otchedwa a nkhani yoona. Dzifunseni kuti wasimba nkhaniyi ndani. Iyi yachokera m'buku la wolakwa mwiniwake, munthu amene luso lake linali kunamiza owerenga. Melissa McCarthy, amene ambiri amamudziwa pa mafilimu oseketsa, wasewera ngati Lee bwino mwakuti mudzayamba kumufunira Lee zabwino, mudzayamba kuopa kuti agwidwa. Palibe cholakwa kumva choncho, koma musaiwale amene kamera sikhala nawo nthawi. Ogulitsa mabuku anataya ndalama ndi mbiri yawo. Ogula atayamba kumukana, Lee anayamba kulowa m'malaibulale ndi mosungira zolemba zakale, kuba makalata enieni n'kusiyamo abodza, mnzake Jack Hock n'kumakagulitsa enieniwo. Kumeneko sikulinso kupeka, ndi kuba chuma cha anthu onse. Ndipo bodza lake silinathere pomwepo: makalata ake awiri analowa m'buku la makalata a Noël Coward lomwe linasindikizidwa mu 2007, ngati enieni. A FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, atamugwira anavomera mlandu mu 1993, n'kulamulidwa kukhala pakhomo osatuluka miyezi isanu ndi umodzi, ndi zaka zisanu akuyang'aniridwa. Ine chilangocho ndimachiona chopepuka. Mukafika pa mawu ake a m'khoti, mvetserani bwino, kenaka mudzifunse ngati munthuyu walapa kapena ayi. Ine ndi mayi a kunyumba tinatsutsana pa zimenezi mpaka tiyi kuzizira.

Za woonera naye, sankhani bwino. Muli kutukwana kwambiri, mowa suchoka pa tebulo, ndipo Jack amagulitsa mankhwala ozunguza bongo. Lee ankakonda akazi anzake, Jack amuna anzake, ndipo filimuyi sibisa, ngakhale siionetsa zolaula. Si ya ana, ndipo si yoonera pabalaza apongozi ali pompo. Jack kumapeto akudwala Edzi, matenda amene m'mudzi uliwonse kuno anatengamo munthu, ndipo kukumana kwawo komaliza m'bala, iye atawonda, atagwira ndodo, kudzakukumbutsani wina wanu. Jack weniweni anamwalira mu 1994. Amene anasewera ngati iye, Richard E. Grant, anabadwira ku Mbabane, ku Eswatini, dziko lochita malire ndi Mozambique wathu yemweyu. Iye ndi McCarthy onse anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Oscar, pamodzi ndi olemba filimuyi, Nicole Holofcener ndi Jeff Whitty. Wotsogolera anali Marielle Heller.

Ikakukomerani, alipo ena a mtundu womwewu. The Hoax ya mu 2006, momwe muli Richard Gere, ndi ya Clifford Irving amene ananamiza kampani yosindikiza mabuku kuti mpondamatiki Howard Hughes wamutuma kulemba mbiri yake, mpaka Hughes anachita kuyankhula ndi atolankhani pa foni mu 1972 kukana. Shattered Glass ya mu 2003 ndi ya mtolankhani Stephen Glass amene ankapeka nkhani m'magazini ya The New Republic. Onsewa ndi abwino, ndipo ya Irving imathamanga kuposa ya Lee. Koma awo ndi amuna ofuna kukwera pamwamba. Lee ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu amene akumira, ndipo ameneyo ndimamumvetsa.

Mphwanga ndamuuza kuti aitsitse Loweruka akaweruka, asaonere ali pa chapa. Ndamuuzanso kuti akafika paja Lee akuika kalata ya Fanny Brice m'makina, aimitse kaye andiimbire. Agogo aja iye sanawaone, anabadwa titabwerera kale, ndipo nkhani ya chigwada chotendera sindinamuuzepo.