Kukonzekera tsiku la mpikisano wothamanga pasukulu: malangizo kwa makolo ndi aphunzitsi a mu Harare

Sukulu zikatsegulira mu Januwale, teremu yoyamba kuno ku Zimbabwe imakhala nyengo ya liwiro. Ana amayamba kupikisana pasukulu pawo pomwe m'magulu a mitundu, ofiira, obiriwira, achikasu ndi abuluu, ndipo opambana amapita kukakumana ndi a sukulu zoyandikana nazo, kenako a m'boma lawo, a m'chigawo chonse cha Harare, mpaka kufika pa mpikisano wa dziko lonse. Ku pulaimale makwerero amenewa amayendetsedwa ndi bungwe la aphunzitsi aakulu la NAPH, ndipo ku sekondale ndi la NASH. Ndakhala m'komiti ya makolo pasukulu ina ya pulaimale ku Mufakose kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti tsiku la mpikisano limakoma kapena kuwonongeka kudakali masabata angapo kuti lifike. Malangizowa ndikulembera makolo ndi aphunzitsi anzanga a ku Mufakose, Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth, kumene tilipo ambiri ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique.

Yambani ndi mapepala musanagwire n'komwe chingwe choyezera bwalo. Pasukulu panu mwana aliyense atha kuthamanga, koma akangotuluka kupita kukakumana ndi sukulu zina, amayenera kuonetsa chiphaso chake chobadwira, chifukwa ana amapikisana molingana ndi zaka zawo ndipo oyang'anira sakhulupirira msinkhu kapena mawu a pakamwa. Chaka china tinali ndi mtsikana wa Giredi 6 amene anasiya anzake kutali pa mamita 100 ndi 200, akuthamanga wopanda nsapato. Tinamukweza kombi pamodzi ndi anzake tonse tili ndi chimwemwe, koma patebulo loonera zaka anamubweza chifukwa analibe chiphaso. Anakhala pansi pa mtengo tsiku lonse atavala malaya a sukulu yathu, akusungira anzake mabotolo a madzi. Madzulo ake agogo a mwanayo anafika pakhomo panga nandifunsa kuti, "Bambo, mdzukulu wangayu ndinamulandira ndi manja angawa konkuno ku Mufakose, nanga lero akumubweza ngati mlendo bwanji?" Ndinasowa choyankha, chifukwa olakwa tinali ife a komiti, amene tinkalidziwa lamulolo koma sitinafunse msanga.

Vuto limeneli limagwera kwambiri mabanja athu, pakuti agogo ambiri anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za anthu alibe mapepala okwanira, ndipo kusowa kwa mapepalako kwatsikira kwa ana ndi kwa adzukulu. Komabe malamulo aakulu a dziko lino a 2013, omwenso anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, amanena mu ndime 43 kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala kuno pa nthawi imene malamulowo ankakhazikitsidwa, ndi nzika mwa kubadwa. Choncho m'sabata yoyamba ya teremu mphunzitsi wa masewero alembe mayina a ana onse opanda chiphaso, ndipo komiti isankhe kholo limodzi lodziwa njira kuti liperekeze mabanjawo ku ofesi ya kalembera, ku Makombe Building kapena ku ofesi ya m'dera lawo, atatenga kalata ya kuchipatala kumene mwanayo anabadwira, zitupa za makolo ndi kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu. Ntchito imeneyi imatenga nthawi, ndiye kuiyamba mu Febuluwale n'kuchedwa kale.

Mukatha za mapepala, pitani pabwalo. Njira yothamangira yovomerezeka, yonga ya ku National Sports Stadium kumene kunachitikira masewero a All-Africa Games mu 1995, ndi ya mamita 400 ukazungulira kamodzi, koma sukulu zathu zambiri zili ndi bwalo la mpira lokha, ndipo njira yotereyi singakwanemo. Ya mamita 200 imakwana bwino. Khomani zikhomo ziwiri pakati pa bwalo motalikirana mamita 50, kenako mumangirire chingwe cha mamita 15.7 ku chikhomo chilichonse ndi kujambula theka la mzere wozungulira kumapeto onse awiri, mofanana ndi momwe amisiri amajambulira maziko a nyumba yozungulira. Lumikizani matheka awiriwo ndi mizere iwiri yowongoka ya mamita 50, ndipo mukatero mwapeza mzere wa m'kati. Mizere yotsatira muijambule potalikitsa chingwecho ndi mamita 1.22 nthawi iliyonse, pakuti umenewo ndiwo mulifupi wa njira ya wothamanga mmodzi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo kulakwitsako kumabera ana chipambano popanda wina kuzindikira. Mwana amene ali m'njira yakunja amazungulira mtunda wautali kuposa wa m'kati, choncho sangayambire pamzere umodzi. Pa kuzungulira kumodzi kwathunthu, kokhala ndi makona onse awiri, njira iliyonse ya mamita 1.22 imatalika ndi mamita 7.67 kuposa inzake ya m'kati, ndipo pa kona imodzi yokha imatalika ndi theka la pamenepo, mamita 3.83. Tanthauzo lake n'lakuti pabwalo la mamita 200, ana othamanga mamita 200 ayenera kuyambira motsogozana ndi mamita 7.67, wachiwiri patsogolo pa woyamba, wachitatu patsogolo pa wachiwiri, mpaka womaliza. Ngati mwasankha njira zopapatiza za mita imodzi chifukwa cha ana aang'ono, kutsogozanako kukhale mamita 6.28. Yezani ndi tepi, osati ndi mapazi, ndipo aphunzitsi awiri a magulu osiyana ayeze pamodzi kuti pasadzakhale wonena kuti anakonderedwa. Njira yowongoka ya mamita 100 muijambule payokha m'mbali mwa bwalo, ndi kusiya malo okwanira kutsogolo kwa mzere womalizira kuti ana asakagunde mpanda kapena khamu la anthu ali pa liwiro.

Polemba mizere gwiritsani ntchito laimu wa kumunda kapena penti yoyera yosungunula ndi madzi. Laimu wa zomangira amawotcha khungu ndi maso, ndipo ana athu ambiri amathamanga ndi mapazi okha. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amamukonda chifukwa mvula simufufuta, amapha udzu ndi kuipitsa nthaka, choncho musamulole. Udzu uchekedwe kudakali sabata, ndipo dzulo lake la mpikisano ana a makalasi aakulu ayende mondondozana phewa ndi phewa kuchokera kumapeto ena kufika ena, akutola magalasi osweka, misomali, minga ndi miyala, komanso kukwirira maenje.

Dzenje lolumphiramo pa kulumpha patali lifunika mchenga wa kumtsinje wosefa, wogaula ndi khasu mpaka kufewa ndiponso wosalaza kuti ufanane ndi thabwa lonyamukirapo. Poyeza, tepi iyambire pa chizindikiro chapafupi kwambiri ndi thabwa chimene thupi la mwana lasiya mumchenga, ngakhale chitakhala cha dzanja limene anatsamira nalo kumbuyo, choncho aphunzitseni kugwera kutsogolo ndi kutulukira kutsogolo. Auzeninso kuti Ngonidzashe Makusha, mwana wa dziko lino, anatenga mendulo ya malo achitatu pa kulumpha kotereku pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Daegu mu 2011, kuti adziwe kuti dzenje la mchengali si la masewera a ana okha. Pa kulumpha m'mwamba, ngati mulibe matiresi ochindikala, musalole mwana kulumpha chagada n'kugwera msana kapena khosi pamchenga, koma adumphe moponya miyendo motsatizana ndi kutera choimirira. Kuponya nthungo, chimbale ndi mpira wachitsulo kuchitike pakona yakeyake yotchingidwa ndi chingwe, ndipo pasapezeke wokatola choponyedwa mphunzitsi asanalole.

Ndondomeko ya tsikulo itsatire nyengo yathu. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi ya dzinja, m'mawa kumacha bwino, masana dzuwa limaswa mtengo, ndipo chakumadzulo mitambo imasonkhana. Yambani nthawi ya 8 koloko ndi mitunda italiitali, monga mamita 1500 ndi 800, kudakali kozizira, ndipo yesetsani kuti zonse zithe pofika 2 koloko masana. Mukangomva bingu, imitsani zonse ndi kulowetsa ana m'makalasi, osati pansi pa mitengo kapena m'matenti, ndipo musabwerere pabwalo mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Makolo ena adzadandaula kuti mwawadula chisangalalo, koma mpikisano umatheka kubwerezedwa tsiku lina, ndipo mphezi pabwalo loyera siichenjeza.

Nkhani ya madzi musaitenge mopepuka mumzinda uno, umene unaona kolera mu 2008 ndi mu 2018, makamaka ku Budiriro ndi ku Glen View. Pampopi patha kukhala pouma tsiku limenelo, choncho tungirani madzi dzulo lake m'zigubu zotsuka bwino, muwawiritse kapena kuthiramo mankhwala ophera tizilombo, ndipo mwana aliyense abwere ndi botolo lake m'malo momwera kapu imodzi gulu lonse. Pafupi ndi zimbudzi pakhale ndowa ya madzi osamba m'manja ndi sopo. Mwana adye phala kapena buledi ndi tiyi maola awiri asanathamange, pakuti ambiri amene amakomoka pabwalo amakhala kuti achoka kunyumba osalawa kanthu. Pakhale mthunzi umodzi wa odwala, wokhala ndi bokosi la chithandizo choyamba, munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito ndi galimoto ya kholo limodzi yoima pafupi ndi geti. Mwana wa mphumu abwere ndi mankhwala ake opopera, ndipo mphunzitsi wake adziwe pamene ali.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye ntchito zigawidwe kudakali masiku, aliyense adziwe pamene adzaime. Pamzere womalizira pakhale oweruza osachepera atatu, wina woona woyamba yekha, wina wachiwiri, wina wachitatu, ndipo onse adziwe kuti chimene chimawerengedwa ndi chifuwa kufika pamzere, osati mutu, dzanja kapena phazi. Kholo lisaweruze mpikisano umene muli mwana wake. Ogwira wotchi ayambe kuwerenga nthawi akaona matabwa a woyambitsa akuombana, asadikire kumva kulira kwake kapena kwa wezulo, chifukwa phokoso limatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi kuti liyende mamita 100, ndipo pa mtunda waufupi kanthawi kameneko ndi kambiri. Malamulo a akuluakulu amachotsa wothamanga akangonyamuka msanga kamodzi kokha, koma kwa ana a pulaimale pasukulu pawo ndimaona kuti ndi bwino kuwakhululukira koyamba ndi kuwachenjeza kuti kumene akupita sakawachitira chifundo chotere.

Mpikisano wopatsirana kandodo uikeni komalizira, chifukwa ndi umene umadzutsa bwalo lonse, ndipo umapambanidwa ndi gulu limene linaphunzira kupatsirana osati lokhala ndi aliwiro okha. Wolandira ayambe kuthamanga mnzake asanamupeze, atambasule dzanja kumbuyo osacheuka, ndipo kandodoko kasinthe manja m'kati mwa malo olembedwa a mamita 30. Konzaninso mipikisano ya ana a ECD, amene sanayambe Giredi 1, ya ana olumala ndi ya iwo amene sathamanga kwambiri, ndi kupereka mapointi mpaka kwa wofika pa nambala 6, kuti gulu lizifuna mwana aliyense.

Tsiku likatha, mlembi asunge zotsatira zonse m'buku limodzi lokhala pasukulu, mayina, nthawi ndi mitunda, kuti ana a chaka chamawa adzakhale ndi chopikisana nacho. Ana athu anaona Tapiwanashe Makarawu ndi Makanakaishe Charamba onse awiri akuthamanga mu ndime yomaliza ya mamita 200 pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, ndipo amafuna kudziwa kuti iwo ali pati. Osankhidwa kupita kukakumana ndi sukulu zina apitirize kukonzekera pabwalo masiku atatu pa sabata, makolo awo alandire kalata yofotokoza tsiku, malo ndi ndalama ya kombi, ndipo mphunzitsi wa masewero asonkhanitse ziphaso zobadwira zenizeni pamodzi ndi makope ake mu envelopu imodzi kudakali masiku atatu kuti anyamuke.